Magalagadeya a Mkamwini

Kwathu mkamwini sabzala mango. Angabzalirenji? Mango amadikira zaka, pamene iye malo ndi obwereka: munda ndi wa akazi ake, nyumba wamanga pa dothi la apongozi, ana amene wabereka ndi a kuchikazi. Mkazi akamwalira, pakapita miyezi abale amamusudzula, kumuuza kuti ntchito mwagwira, zikomo, bwererani kwanu. Bambo anga anali mkamwini wotere. Kwawo kunali kumapiri a ku Ntchisi, ndipo kunyanja kuno anabwera ali mnyamata kudzagwira ntchito ya m'maluwa pa nyumba ya azungu ena ku Senga Bay. Anakwatira amayi m'mudzi mwathu cha ku Maganga, nakhala zaka zonsezo osabzalapo ngakhale papaya. Munthu woti maluwa a eni ake ankamumvera ngati ana, pakhomo pake panali mbee, mchenga wokhawokha.

Chaka cha referendamu, pamene anthu ankakangana za nyali ndi tambala, ena akukweza zala ziwiri ena chimodzi, amayi anayamba kudwala. Matenda ake sitinkawatchula dzina. Ankangoonda, khungu n'kumatuwa, chilichonse cholowa m'kamwa n'kumabwerera. Ine ndinali nditangotha msinkhu, mng'ono wanga akadali woberekedwa kumsana, ndiye sukulu ndinayamba kupita mwa apo ndi apo. Kunja kunali phokoso la matipate, magalimoto a misonkhano akuwaza fumbi mumsewu, koma m'nyumba mwathu tinkamvetsera chifuwa cha amayi basi.

Tsiku lina bambo anabwera kuchokera kuntchito ndi zipatso zachikasu, zamakwinya, m'thumba la malaya. Ati magalagadeya. Anang'amba chimodzi ndi mpeni n'kuwapatsa amayi. Ine nditalawa ndinalavula, kuwawasa kwake kochita kugwetsa misozi. Koma amayi anapsipa mpaka khoko, n'kutambasula dzanja kufuna china. Abale inu, munthu woti kwa masabata ankakana ngakhale phala!

"Kodi zimenezi kuno sizingamere?" anafunsa.

Bambo anati, "Si mtengo ayi. N'choyanga, ngati maungu. Palibe angandinene."

Anafesa nthanga m'beseni lobooka. Zinamera zingapo ndithu, koma mbuzi za amayi aakulu, achemwali awo a amayi, zinalowa m'mawa wina n'kumwetula zonse kupatula kamodzi kamene kanabisala kumphepete. Mbuzi zimenezo ndinazithamangitsa mpaka kudambo, ndikutukwana mawu oti mwana wamkazi sayenera kuwadziwa. Kotsalako bambo anakawokera pafupi ndi khonde. Anakumba dzenje lakuya, chifukwa mchenga wathu susunga kanthu, n'kuthiramo dothi lakuda lakudimba ndi ndowe zouma. Anazika nsungwi, pamwamba n'kuyalapo ukonde wakale umene asodzi anataya. Madzi otsukira nsomba sitinkatayanso pena paliponse, onse ankapita patsinde pake.

Kanakula mochititsa mantha. Kankatulutsa timanja topota, tikakhudza ukonde n'kugwira, osasiyanso. Amayi tinkawagoneka pamphasa pansi pake masana, ndipo ankatiuza okha kuti lero kafika pa mfundo iyo, dzulo kanali apa. Mthunzi utangoyamba kukwanira mphasa yonse, mwera ukuwomba, amayi anatisiya. Duwa ngakhale limodzi sanalione.

Titameta maliro, nkhani yosudzula inayamba kununkha. Mwini mbumba anali amalume, achimwene awo a amayi, munthu wogulitsa usipa, wonenepa, wanthabwala, woti bambo ankamwa nawo tiyi kapu imodzi. Iwo sankafulumira. Amene ankafulumira anali amayi aakulu, chifukwa mwana wawo wamkazi anali atapeza mwamuna ndipo munda wathu wa mpunga unali pabwino. Ine ndinkadziwa tanthauzo lake: bambo adzanyamula thumba, ife tidzatsala, chifukwa ana sapita ndi mkamwini.

Mbumba itasonkhana pakhomo pathu, bambo anagwada, chipewa chili m'manja.

"Alamu, ine sindikukana mwambo. Koma chinthu ichi ndinabzalira achemwali anu, ndipo apita osalawa. Ndiloleni ndione chipatso chake, ndilawe m'malo mwawo. Ndikatero mundisudzule."

Amalume anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Aaa, alamu, nkhani yake yomweyi? Ine ndimayesa mupempha ng'ombe! Idyani kaye zipatso zanuzo. Ndanena pamaso pa anthu, simuchoka musanadye."

Amayi aakulu anayang'ana masambawo, n'kuona kuti mphukira za maluwa zayamba kale. Anavomera. Ankayesa ndi nkhani ya mwezi umodzi.

Maluwa anabwera. Sindinaonepo duwa ngati limenelo. M'mawa limakhala lotseka ngati likukana moni. Dzuwa likangopendeka pang'ono kuchoka pamutu, limatseguka uku ukuona, loyera m'mbali, pakati pofiirira, lili ndi tsitsi lake lozungulira ndi timitu titatu pamwamba. Fungo lake linkafika mpaka kuchitsime. Pofika madzulo latseka, mawa lake lagwa. Ndinkasesa maluwa ofota m'mawa uliwonse, ndikuyang'ana pamene achoka ngati pali kachipatso, mtima uli m'malere. Panalibe. Mwezi unatha, wina unatha, mvula inabwera n'kupita. Chomera chonenepa, masamba obiriwira ngati apakidwa mafuta, maluwa mbwee, koma chipatso ng'o.

Anayamba ndi amayi akuchitsime. "Malemu akukana," anatero. "Sakufuna mwamuna wawo achoke." Mawuwo anayenda mudzi wonse. Anthu odutsa pakhomo pathu ankatsitsa mawu. Ana anasiya kuseweretsa mpira wawo wamapepala chapafupi. Amalume, amene kale ankafika akufuula kuti "Alamu, zapsa?", anasiya nthabwala imeneyo, ndipo akamalowa pansi pa chisakasa cha magalagadeyacho ankavula chipewa. Amayi aakulu omwe anazizira. Tsiku lina ndinawapeza ataima patali, akuyankhula ndi masamba: "Iwe mng'ono wanga, ine sindinakulakwire. Munda ndi wako, ndamva."

Ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo sindichita nazo manyazi. M'mawa ndisanagwire tsache ndinkati, "Mwadzuka bwanji, amayi?" Masana kukakhala bata, kutentha kwa ku Salima kuja koti ngakhale nkhuku zimayasamula, tsamba limodzi linkatha kugwedezeka lokha popanda mphepo. Kamodzi kadzanja kopota kaja kanandikola tsitsi ndikusesa. Sindinathawe. Ndinaima pompo, misozi ili chuchuchu, mpaka mng'ono wanga anandikoka chitenje. Ndinkaopa, inde, koma ndinkakondwa. Amayi anali pakhomo ndipo ankatimenyera nkhondo.

Ndiye tsiku lina ndinaperekeza amalume ku Khombedza kukagulitsa usipa. Pamsika ndinaona mayi wina ali ndi mulu wa magalagadeya, ndipo ataona mmene ndinkawayang'anira anandiponyera limodzi. Sindinadye. Ndinabwera nalo kunyumba, n'kufesa nthanga zake kuseri kwa bafa, kumene madzi sauma. Maganizo anga anali achibwana: ndinkati amayi ali okhaokha, ndiwabzalire anzawo. Zinamera bwino, ndipo ndinazitchinga ndi minga kuopa mbuzi zija.

Bambo anazipeza. Ndikuchokera kunyanja ndi ndowa pamutu, ndinawaona atanyonyomala, akuzula kamodzikamodzi n'kumafinya m'manja. Ndinagwetsa ndowa.

"Ababa! Mwapenga kodi? Zakulakwirani chiyani?"

Mawu amenewo kwa bambo ako, kwathu ndi mlandu wa nkhuku. Koma iwo sanakalipe. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundikodola.

"Khala pansi, mayi. Ukufuna ndipite ku Ntchisi?"

"Ayi."

"Ndiye mvetsa. Mtundu wachikasuwu ukakhala wokha subereka. Duwa lake limafuna kaufa kochokera ku tsinde lina, la nthanga ina. Amanyamula ndi mabemberezi, aja akuda amaboola mitengo ya denga. Kuntchito kuja tinabzala mzere wonse, n'chifukwa chake amabereka. Kuno kuli kamodzi, mudzi wonse. Ukabzala ena pafupi, mvula ikubwerayi ine ndanyamuka."

Ndinawayang'ana ngati sindikuwadziwa. "Ndiye munkadziwa? Tsiku lija munagwada lija?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga amayi?"

Anapukuta manja pa thalauza n'kupita kukatola ndowa ija.

Ndinawakwiyira sabata yonse. Ndinkawaikira chakudya osagwada, osayankhula. Bodza lawolo linandisungira bambo, koma linandilanda amayi, ndipo panthawiyo sindinkadziwa chimene chinali chachikulu. Moni wa m'mawa uja ndinasiya. Tsamba likagwedezeka ndinkati ndi buluzi. Koma mkwiyo wa mwana suchedwa, ndipo posakhalitsa ndinakhala mnzawo wa chinsinsi. Amayi akuchitsime akamati malemu akukana, ine ndinkagwedeza mutu mwachisoni ngati mkulu wa mpingo.

Vuto linali lakuti chomerachi sichikhalitsa. Chikauma, lonjezo la amalume lauma nacho. Chilimwe chotsatira chinali chowawa, chitsime chinaphwa, ndipo tinkatunga kunyanja m'mawa ndi madzulo. Ndinkadandaula njira yonse kuti anzanga akutungira anthu, ine ndikutungira masamba. Chiswe chinalowa m'nsungwi, bambo n'kumathira phulusa kuzungulira tsinde. Ankadulira nthambi zouma, kuphimba mizu ndi mapesi a mpunga, kuchotsa mbozi ndi zala. Tsinde litayamba kung'ambika m'munsi, anadula nthambi zokhwima n'kuzizika monga timachitira ndi chinangwa. Ndinachita mantha, koma anati, "Usaope. Nthambi ndi thupi lomwelo, si mlendo. Sizingaberekane." Zinaphuka, zinakwera ukonde womwewo, ndipo anthu sanaone kusiyana.

Nthawi imeneyo azungu aja anagulitsa nyumba yawo n'kupita, bambo ntchito inatha. Anayamba kukhala pakhomo tsiku lonse. Anayambanso kutsokomola. Chifuwacho ndinachizindikira tsiku loyamba, chifukwa ndinali nditagona nacho nyumba imodzi chaka chathunthu. Sindinanene kanthu, iwonso sananene. Lamba wawo anabowola bowo lina.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti iwo, eni ake bodzalo, anayamba kuyankhula ndi chomeracho. Poyamba ndinkayesa akuchitira anthu odutsa. Koma ndinawamva ngakhale pamene panalibe wina aliyense, masana dzuwa lili phwee, atakhala pa mphasa yomwe ija. Ankanena tinkhani wamba. "Mpunga chaka chino wakana, mayi a ana. Wamng'onoyu wayamba sukulu, akuti tsopano ndi yaulere. Wamkuluyu mkamwa mwake ndi mwanu mwenimweni." Kenako ankakhala chete, mutu utapendekeka, ngati munthu amene akumva yankho. Maluwa akamatseguka ankaleka chilichonse n'kumaonerera. Pamene ine ndinkakhulupirira sindinkaopa chonchi.

Matipate anabweretsa anthu ambiri amene tinkangomva kuti anathawa kalekale. Mmodzi anali bambo wina wa tsidya la dambo, amene anakhala ku Zambia kuyambira ine ndisanabadwe. Anabwera ndi malata ndi mkazi wachilendo, namanga nyumba yokhala ndi mpanda wawaya. Munthu wabwinobwino, wopatsa moni aliyense. Ndikupita kudimba tsiku lina, ndinaona masamba pa waya uja. Magalagadeya, mpanda wonse, ndipo anali atayamba maluwa.

Ndinathamanga kukawauza bambo. Anangoti, "Ndawaona."

"Ndiye titani?"

"Tingamuuze munthu kuti azule za pakhomo pake?"

Ine sindinagonje. Ndinalengeza nkhondo ndi mabemberezi. Mabowo awo m'mitengo ya khonde ndinamata ndi dothi. Masana maluwa akatseguka ndinkaima ndi nthambi ya mtengo, kuwakupiza, kuwatukwana mitundu yawo yonse. Amalume atandipeza anati, "Iwe, wayamba gule wanji ameneyu?" Ndinati amandisokosera. Koma ungatseke mlengalenga? Ndikapita kotunga madzi ndinkawapeza ali m'maluwa, misana yawo ili yachikasu ndi ufa wa eni ake.

Kachipatso koyamba ndinakaona ndine, kobiriwira, kosalala, ngati dzira la nkhunda, katabisala m'masamba. Nditayang'anitsitsa ndinaona kena, ndi kenanso. Ndinatambasula dzanja kuti ndithothole.

"Siya."

Bambo anali kumbuyo kwanga. Mawuwo sanali okweza, koma dzanja langa linabwerera lokha.

"Ababa, palibe waona. Tizithothola m'mawa uliwonse, tizikwirira. Ndani adziwe?"

"Amayi ako adziwa."

"Amayi ati? Si inu munandiuza kuti ndi mabemberezi? Si inu?"

"Ndinatero. Pamene anali chete, ndinkachita nzeru zanga. Tsopano ayankha."

"Sanayankhe! Ndi mpanda wa bambo a ku Zambia aja!"

"Nanga bambowo anawabweza ndani, zaka zonsezi, kuti adzamange pompo? Mwanawe, mayi ako anagona apa akuwerenga mfundo za ukonde, kudikira chipatso chimenechi. Lero chabwera, ine ndichikwirire ngati mwana wa galu?"

Ndinalira mokuwa, ndinawanena kuti ndi wodzikonda, kuti akutitaya dala, kuti ngati akufuna kwawo angonena. Anandisiya ndinene zonse. Atatsokomola kwa nthawi, anati, "Ukathothola, ine ndikanena ndekha kwa alamu." Ndinadziwa kuti atero ndithu.

Sizinatenge masiku amayi aakulu anaziona. Nthungululu yawo inamveka mpaka kudambo. Anthu anabwera kudzaona, akugwirana manja, ati malemu akhululuka, amumasula mwamuna wawo. Panalibe wankhanza pamenepo, onse ankakondwa moona, ngati mtolo watsika pamutu pa mudzi. Ine ndinkawayang'ana n'kumalakalaka nthaka itawameza.

Magalagadeya sathyola, akapsa amagwa okha. Tinadikira, zipatso zikusanduka zachikasu pamwamba pa mitu yathu. Bambo anagwiritsa ntchito masabata amenewo kufolera denga, kukonza chitseko, kundionetsa podulira nthambi. Loyamba linagwa masana, ine ndikupeta mpunga. Linangoti phu pamchenga, n'kugubuduka mpaka pa phazi langa.

Abale awo a bambo anabwera kuchokera ku Ntchisi, amuna awiri aatali osayankhulayankhula. Mbumba inasonkhana pansi pa chisakasa. Bambo anang'amba chipatsocho ndi mpeni, napsipa pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri, maso ali otseka. Amalume ndiwo anayenera kunena mawu osudzula, munthu wanthabwala uja. Anayamba, n'kuleka, n'kuyambanso. "Alamu, munatisungira mlongo wathu. Munamuika m'manda ndi ulemu. Tilibe nanu chifukwa. Mwamasuka." Atatero anatembenukira kukhoma.

Tinawaperekeza kumsewu kukadikira matola. Katundu wawo yense anali thumba limodzi, khasu ndi mpeni wodulira maluwa. Mng'ono wanga ankayesa akupita ku Salima, ndipo anawauza kuti abwere ndi sikono. Ine ndinali nditauma ngati chikuni. Galimoto itaima anandigwira phewa, dzanja lopepuka ngati la mwana, n'kuti, "Uzithirira madzulo, osati dzuwa lili pamutu." Ndinangoti, "Ndamva."

Chaka chimenecho chomeracho chinabereka ngati chapenga. Palibe ankadya, anthu ankaopa, ine sindinkafuna n'kuziona komwe. Zinkangogwa tsiku lonse, phu, phu, ndili m'nyumba n'kumadzidzimuka ngati wina waponda pakhonde. Ndinkazisesa pamodzi ndi zinyalala n'kukataya kudzala. Koma kuthirira ndinkathirira.

Uthenga wa imfa ya bambo unatipeza mpunga usanache, ndipo unafika iwo ataikidwa kale. Anabwera nawo ndi amalume. Anakhala pakhonde, chipewa pabondo, n'kundiuza. Sindinalire. Ndinawafunsa ngati tsopano mitima yawo yakhala pansi, iwo ndi mbumba yawo yonse, poti munthu uja anakafera kutali ngati wopanda ana.

Amalume anapukusa mutu. "Mphwanga, ine sindinawathamangitse. Dzulo lake la mwambo uja ndinawatengera kunyanja, awiriwiri. Ndinati alamu, zinthu zasintha masiku ano, khalani, achemwali angawa ndithana nawo ndine. Anakana."

"Chifukwa cha chipatso?"

"Za chipatso sanatchule n'komwe. Anati, alamu, mwandiona mmene ndililimu. Posachedwa ndifuna wondinyamula kupita kubafa. Kuno ndili ndi ndani? Mwana wamkazi sasambitsa bambo ake. Ndipo ameneyu wasambitsa kale mayi ake, zakwana."

Apo ndiye ndinalira, kulira kwa ukali, ndikumenya pansi ndi manja mpaka amayi aakulu anabwera kudzandigwira. Mpaka lero, ndine mayi wa imvi, ndikakumbuka mtima umandiwawa ndipo bambo ndimawakwiyirabe. Kusambitsa akanasambitsa amalume, akanasambitsa amuna a kumpingo, anthu analipo. Madziwo ndikanatunga ine, kuwatenthetsa, n'kumawasiya pakhomo pa bafa. Sanandifunse.